Sabata ya judo ndi ana a zaka 5 mpaka 8

Lolemba timalandira ana atsopano, ndipo tsiku limeneli palibe amene amagwetsa mnzake. Asanaponde pa tatami, mphasa yofewa yochitirapo judo, timaona zikhadabo, ndolo, zibangili ndi khungu. Wa chipere amayamba wachira kaye, chifukwa chimafala msanga ana akamagwirana. Phunziro limatenga mphindi 45, koma timasintha zochita mphindi zisanu zilizonse. Mukapitiriza pamenepo, mwana wa zaka 5 wayamba kale kusewera ndi lamba.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndi masiku a ukemi, luso logwa osavulala, ndipo ntchito yeniyeni yagona pamenepa. Mwana amayamba atagona chagada, chibwano chili pachifuwa, maso ali pamfundo ya lamba. Amamenya tatami ndi mikono yonse iwiri, zikhatho zitayang'ana pansi, mikono itatalikirako pang'ono ndi nthiti. Akazolowera amagwa kuchokera pokhala, kenako atanjuta, ndipo kuimirira kumabwera pomaliza. Zolakwika zazikulu ndi ziwiri. Ena amatsamiritsa dzanja kumbuyo kuti adzichirikize, ndipo mkono umathyoka motero. Ena amaiwala chibwano, nkhongo n'kugunda pansi, popeza mutu wa mwana ndi waukulu pomwe khosi likadali lofooka.

Lachinayi amagwirana pansi ndi kesa-gatame, njira yopanikiza mnzako atagona chagada. Timawaphatikiza poyang'ana kulemera, osati zaka. Amene akhwima pa ukemi amayesa o-goshi, njira yogwetsa mnzako pomunyamulira pachiuno, wogwetsayo osasiya mkono wa malaya a mnzake mpaka atafika pansi. Osoto-gari, njira yogwetsa mnzako pomukola mwendo, timaichedwetsa dala: imagwetsera munthu chagada, ndipo m'sukulu za ku Japan, kwawo kwa judo, masewera amene Jigoro Kano anayambitsa mu 1882, yavulazapo m'mutu ophunzira ongoyamba kumene. Zokanyanga pakhosi ndi zopinda chigongono n'zoletsedwa pamsinkhu umenewu.

Makolo ambiri amafunsa ngati ana aphunzira kudziteteza ndi zibakera. Mwana wa makilogalamu 20 sangalimbane ndi munthu wamkulu, ndipo kumuuza kuti angathe n'kumuika pangozi. Choncho Lachisanu amaphunzira kupotoza dzanja logwidwa kuti litulukire mbali ya chala chachikulu cha womugwira, kukuwa kuti "Sindikukudziwani, ndisiyeni!" ndi kuthawira kumene kuli anthu.

Loweruka timapukuta tatami ndi mankhwala opha majeremusi, n'kutseka mipata imene imakola zala zakumapazi. Timaimbiranso makolo a mwana aliyense amene anagunda mutu. Akamasanza, kumva chizungulire kapena kungosinzasinza, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo sabwerera pa tatami mpaka adokotala atavomereza.