Mbaula yanga yachinayi ndi mayeso a nsima

Lero ndi Loweruka, ndipo patha miyezi inayi chiyambire kuumba mbaula zadongo kuseri kwa nyumba yathu. Mbaula yachinayi yatuluka mu uvuni yopanda mng'alu ngakhale umodzi. Ziwiri zoyamba zinang'aluka zisanaone n'komwe moto, chifukwa ndinaziyanika padzuwa pamene dongo limafuna kuuma pang'onopang'ono pamthunzi kwa milungu ingapo. Yachitatu inapsa bwino, ndipo ndi imene inandichititsa manyazi.

Ndinatengera Chitetezo Mbaula, ija inafala kwambiri boma litalengeza m'chaka cha 2013, nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, kuti likufuna mbaula zosatha nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zili m'makomo pofika 2020. Kuiona, munthu angaganize kuti palibe nzeru yapadera imene inalowapo: khoma lozungulira ladongo, khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timabowo ta mpweya, timafuwa titatu pamwamba ndi zogwirira ziwiri m'mbali. Nanenso ndinaganiza choncho, n'chifukwa chake ndinadzipatsa ufulu woisintha. Ndinatalikitsa timafuwa poganiza kuti moto uzipuma bwino, ndinasalalitsa pamwamba pake ndi mwala kuti pazinyezimira, ndiponso ndinachepetsa tsinde lake kuti mbaulayo ioneke yowonda ndi yokongola.

Poiyesa ndinatereka madzi m'sefuliya, ndipo atawira ndinakhutira kuti ntchito yatheka. Madzulo ake mayi anga anaphikirapo nsima. Phala litakhwima, iwo n'kuyamba kuvundula ndi mthiko, poto anayamba kutsetsereka pa timafuwa tosalala tija, mbaula nayo n'kumapendekeka uku ndi uku, mpaka anachita kuiponda m'mbali ndi phazi. Atapakula anangoti, "Mwana wanga, iyi ndi ya tiyi, nsima ndiziphikira pamafuwa pomwe."

Mawu amenewa ndawaganizira kwa mwezi wathunthu. Madzi amawira okha popanda wowagwedeza, pamene nsima imafuna mphamvu ya mkono, ndipo mphamvu imeneyo imakankhira poto cham'mbali. Mafuwa amwala, ngakhale amamwaza moto ndi kudya nkhuni zambiri, ndi olemera, ndi okhakhala, ndipo wophika amawasuntha malinga ndi kukula kwa mphika. Mbaula imene ikufuna kulowa m'malo mwawo iyenera kuchita zonsezi isanayambe kudzitama ndi nkhani yopulumutsa nkhuni. Ine ndinayesa chinthucho monga wochiumba, pomwe wochigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku anali pakhonde pomwepo osafunsidwa kalikonse.

Kutalika kwa timafuwa nakonso kunali kolakwika. Mpata wa pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula ukakula, mpweya wotentha umathawira m'mbali usanakhudze poto mokwanira, ndipo nkhuni zimangotha chabe. Ukachepa kwambiri, moto umabanika n'kuyamba kufuka utsi. Ndiye kuti kampata kameneka, kamene munthu wogula pamsika sakayang'ana n'komwe, ndi kamene kamalamula kuchuluka kwa mitolo ya nkhuni imene mayi adzasenze pamwezi, komanso utsi umene mwana wa kumsana adzapume.

Nkhani ya zogwirira inandikumbutsa chigubu chachitsulo cha mafuta a galimoto, chija cha malita 20, chimene chinapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930 kuti chizigwiritsidwa ntchito ndi asilikali. Chili ndi zogwirira zitatu zondondozana: munthu mmodzi amagwira chapakati, anthu awiri amagwira zam'mbali aliyense chake, ndipo zigubu zikakhala zopanda kanthu, munthu amatha kunyamula ziwiri kudzanja limodzi pogwira zogwirira zoyandikana. Mizere yopingasana imene inadindidwa m'mbali mwake imalimbitsa chitsulo ndi kuchilola kufutukuka kukatentha. Asilikali a ku Britain ataona ubwino wake anangochikopera momwemo. Amene anachikonza anayamba waganizira dzanja la munthu wotopa, pamene ine zogwirira za mbaula yachitatu ndinaziika pamwamba penipeni, pafupi ndi moto, kotero kuti palibe akanaisuntha popanda chiguduli mvula itayamba.

Pa mbaula yachinayi ndasintha zinthu zingapo. Timafuwa ndatifupikitsa kufika pa msinkhu wa chala chimodzi chogoneka, ndatipendeketsera mkati kuti sefuliya yaing'ono ndi poto wamkulu zonse zizikhazikika, ndipo pamwamba pake ndakandapo ndi chitsononkho dongo lisanaume. Tsinde ndalikulitsa, zogwirira ndazitsitsa ndi kuzinenepetsa. Zotsatira zake n'zakuti mbaulayi ndi yolemera kuposa inzake, yadya dongo lochuluka, ndipo kunena zoona si yokongola. Ndikanakhala kuti ndikugulitsa, kulemerako kukanakhala vuto kwa wonyamula panjinga kupita kumsika, koma pakhomo pano ndiko kukuithandiza kukhazikika.

Masana ano mayi aphikirapo nsima ya anthu asanu ndi mmodzi osaiponda ndi phazi. Sanaiyamikire, koma sanabwererenso kumafuwa, ndipo ndiwo aphikira pomwepo. Dandaulo lawo latsopano ndi khomo la nkhuni, limene akuti ndi lopapatiza moti chikuni chachikulu sichilowa, ndipo alibe nthawi yowaza nkhuni zonse ndi nkhwangwa. Ndikalikulitsa kwambiri, mphepo izilowa yambiri n'kuziziritsa moto, komanso khoma likhoza kufooka pamwamba pa khomolo. Mawa ndiyeza zikuni khumi zapamulu wawo ndi tepi ndisanakande dongo la mbaula yachisanu, ndipo ulendo uno kukula kwa khomo adzajambula okha ndi chala padongo laliwisi.