Malinga a ku Rhine aja anali ma tolo geti basi

Amene munaona zithunzi zanga za ku Germany nkumandifunsa kuti kodi m'nyumba zamiyala zapamwamba pa mapiri zija munkakhala mafumu ndi ana awo okongola ngati zam'mafilimu, pepani ndikukhumudwitsani pang'ono. Ambiri mwa malinga amene aja ntchito yake yeniyeni inali kulipiritsa msonkho aliyense wodutsa pamtsinje wa Rhine ndi katundu. Ganizani za Chingeni kapena Kalinyeke, kungoti geti yake ili pamadzi, ndipo si imodzi kapena ziwiri ayi, zinangondandalikana moti ukalipira apa usanapume nkomwe wina akukudikira kale pokhota mtsinje, naye ndi asilikali ake.

Ndinali ku Bonn pa maphunziro a kuntchito, nde wikendi ina m'malo mongogona mu hotelo nkumadandaula nsima ndinakwera sitima kulowera kummwera, kudutsa Koblenz mpaka katauni kena kakang'ono kotchedwa Kaub. Chigwa cha Rhine chomwe muli Kaub chili pakati pa Koblenz ndi Bingen, ndi makilomita 65 okha koma muli malinga pafupifupi 40, ena athunthu ena mabwinja, ndipo a UNESCO anachiika pa mndandanda wawo wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 2002. Kutsidya lakummawa kwa mtsinje kuli njira ya oyenda pansi yotchedwa Rheinsteig, anaitsegula mu 2005, ndi makilomita 320 kuchokera ku Bonn kukafika ku Wiesbaden. Kutsidya linalo kuli inzake, RheinBurgenWeg. Palibe amakukakamiza kuyenda yonse, anaidula zigawozigawo, ndipo poti njanji ili mbali zonse ziwiri za mtsinje umatsika sitima pa siteshoni ina, kuyenda tsiku lonse, madzulo nkukakwerera pa ina. Ine ndinasankha chigawo cha Kaub kukafika St. Goarshausen, makilomita 22 kapena kuchepera pang'ono, chomwe eni ake amati ndi chowawa kuposa zonse.

Koma ndisanayambe kukwera ndiyambe ndakuuzani za Pfalzgrafenstein, chifukwa nkhani yonse ya msonkho ili pamenepo. Limeneli silili paphiri, lili pakati penipeni pa mtsinje, pa kachilumba ka thanthwe, lopaka zoyera, denga lakuda, kutsogolo kwake kosongoka kuti madzi osefukira ndi madzi oundana azingogawikana. Analiyamba ndi mfumu Ludwig wa ku Bavaria cha m'ma 1326 ndi 1327, ndipo ndalama zomwe ankatolera pamenepa zinakwiyitsa ngakhale Papa John XXII. Umapitako pa kaboti kakang'ono. Mkati mulibe zachifumu zilizonse, timazipinda tothina, tozizira, masitepe amatabwa olira ukaponda, chimbudzi chake ndi kabowo kolozera mumtsinje basi. Chomwe chinandiimitsa nthawi yaitali ndi chitsime chamdima chomwe amafotokoza kuti wamalonda wokana kulipira ankamutsitsiramo ndi chingwe, nkumakhala pa kaphaka kamatabwa koyandama pamadzi mpaka abale ake abweretse ndalama. Ukasuzumira mmenemo fungo la chinyezi limakumenya kumaso. Ndipo kuthawa kunali kovuta, nthawi imeneyo maboti okwera mtsinje ankachita kukokedwa ndi akavalo oyenda m'mbali, pamwamba pa tauni pali linga linanso la Gutenfels likungokuyang'ana, nde uthawira kuti. Msonkho wa pamenepa unadzatha mu 1867. Pamalo omwewanso ndi pomwe Blücher, mkulu wa asilikali a ku Prussia, anawolotsa asilikali ake usiku wolowera chaka cha 1814 akuthamangitsa Napoleon, chipilala chake chilipo m'tauni.

Kukwera kwake abale. Ine ndimadziona ngati katswiri poti Nkhoma ndi Bunda timakwera pafupipafupi, koma kuno vuto si kutalika kwa phiri, mapiri ake ndi aafupi. Vuto ndi loti njira imakukweza mpaka pamwamba, waona mtsinje uko pansi wasangalala, kenako imakutsitsa mpaka m'kakhwawa komwe kamtsinje kakang'ono kakuthira mu Rhine, nkukukwezanso, nkukutsitsanso, tsiku lonse chonchi mpaka maondo ayamba kuyankhula. Ndipo amene amakupitirira ndi agogo, azimayi ndi azibambo a imvi mbuu, timitengo tiwiri m'manja, kachikwama kumsana, akupatsa moni wa Hallo osapuma nkomwe mwamphamvu. Ndinangoti chabwino, pitani.

Minda ya mpesa ndiyo inandigwira mtima monga mwana wa mlimi. Malo ake otsetsereka zoopsa, moti anamanga timakoma tamiyala kuti dothi lisatsike, ndipo dothi lakelo ukalitola m'manja ndi timiyala takuda tophwathalala tokhatokha, timatentha ndi dzuwa nkumasunga kutenthako usiku, mpesa wa Riesling umakonda zimenezo. Thalakitala singakwere malo ambiri, ntchito yake ndi yamanja. Nde ukuyenda umaona minda ina yosamalidwa bwino mizere ili ndondondo, pafupi pomwepo ina inasiyidwa kalekale, makoma akugumuka, tchire lamera. Sindinafunse munthu, zimaoneka zokha kuti achinyamata a kumeneko nawonso khasu la pamtsetse sakulifuna. Pamudzi wina pamwamba, Dörscheid, ndinadutsa masana kuli zii, nyumba zokongola, maluwa m'mawindo, koma osaona mwana ngakhale mmodzi akusewera panja. Ndipo ngati mudzapiteko Lamulungu nyamuliranitu madzi ndi buledi, mashopu amakhala otseka ndipo kulibe mayi wogulitsa mandasi kapena nthochi m'mbali mwa njira kuti akupulumutseni.

Mukafika pa thanthwe la Roßstein khalani pansi kaye. Kutsidya mumaona tauni ya Oberwesel yonse ndi khoma lake lakale ndi nsanja zake, pamwamba pake linga la Schönburg, pansi zombo zazitali zonyamula makontena ndi mafuta zikukhota pang'onopang'ono. Loreley yotchukayo, thanthwe la mamita 132 pomwe mtsinje umapanikizika nkuzama, kunena zoona sinandisangalatse kwenikweni, anthu ambiri obwera pa mabasi, aliyense foni m'mwamba. Nthano yake ndi ya mkazi amene ankapesa tsitsi akuimba oyendetsa maboti nkumagunda miyala. Ndinajambula kamodzi nkupitirira. Chinanso chomwe zithunzi sizikuuzani ndi phokoso, sitima zakatundu zimadutsa mbali zonse ziwiri usana ndi usiku ndipo chigwa chimabweza mawu, anthu okhala m'matauni amenewa akhala akudandaula nazo kwa zaka.

Pofika ku St. Goarshausen umadutsa pafupi ndi linga la Katz, lili ndi mwini wake sulowa. Ndinawoloka pa pantoni kupita ku St. Goar, poti kuyambira ku Koblenz mpaka cha ku Mainz kulibe mlatho ndi umodzi womwe, galimoto njinga anthu onse ndi pantoni. Kumeneko kuli Rheinfels, chimalinga chachikulu koma bwinja. Anachiyamba ndi Diether wa banja la Katzenelnbogen mu 1245, naye nkhani yake msonkho womwewo, anaukweza mpaka matauni a m'mbali mwa Rhine anagwirizana nkumuzinga kupitirira chaka chathunthu koma osaphula kanthu. Mu 1689 asilikali a Louis XIV wa ku France anaononga malinga ambiri m'chigwachi, Rheinfels inapirira ngakhale pomwe anaizinga mu 1692, koma patadutsa zaka zana a French omwewo anailanda mu 1794 kenako nkuiphulitsa. Nde ambiri mwa malinga okongola omwe mumawaona pa zithunzi anachita kumangidwanso m'zaka za m'ma 1800 ndi anthu andalama okonda zakale. La paphiri lomwe silinagwetsedwepo ndi Marksburg, pamwamba pa Braubach, ndinangoliona pawindo la sitima. Lina la Stahleck ku Bacharach analisandutsa malo ogona achinyamata otchipa, mwana wasukulu amagona m'linga ndi ndalama yochepa.

Tsopano chomwe chandilembetsa zonsezi si malingawo ayi, ndi kachizindikiro. Chilembo R choyera pa buluu, kakang'ono ngati chikhatho, chomata pamtengo, pamwala, pa polo ya magetsi, pakona ya nyumba ya munthu. Paliponse pomwe njira yagawikana chilipo, ukangodutsa mphambano chilinso patsogolo kukutsimikizira kuti sunasochere. Ine Chijeremani sindidziwa, netiweki m'makhwawa imathawa, koma tsiku lonse sindinafunse munthu njira. Mabwinja ngati amenewa akanakhala opanda njira yolembedwa bwenzi akungoonedwa ndi a pa sitima, koma chifukwa cha kachilembo kameneka anthu amatsika, amagona m'timidzi, amagula vinyo kwa mlimi mwiniwake.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinaiponya nkhaniyi pa gulupu yathu ya WhatsApp ya okwera mapiri, ndinati bwanji tisonkhe tigule penti tikalembe njira ya ku Nkhoma, kuyambira ku mishoni mpaka pansonga, titapempha kwa mafumu ndi eni malo. Paja phiri lija nalo lili ndi mbiri yake, anthu a mfumu Mazengera ankathawira kumtunda kuopa nkhondo ya Angoni, mishoni nkudzabwera mu 1896, koma timakwera kudya masangweji pamwamba nkutsika osamva ndi liwu limodzi la zimenezo. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO yomweyo inawavomereza mu 2006, ndi angati a ife tinayendapo wapansi kuchoka pa phanga lina kupita pa lina.

Ndimayesa aliyense aombera m'manja. Anandiyankha ndi achikulire ena a m'gulu mwathu, bambo oti anayamba kukwera mapiri ife tisanabadwe, anati achimwene mwaganiza bwino, koma anyamata aja amatithamangira tikangoimika galimoto kuti atilondolere njira, mukapaka penti yanuyo adzadya chani? Ndinati bambo, alendo akachuluka ntchito ichulukanso, ena azinyamula zikwama, ena azifotokoza mbiri, amayi azigulitsa zakudya. Iwo anati ku Mulanje anthu amalemba operekeza chifukwa phiri lake limapha ukalichita chibwana, Nkhoma mlendo akangoona muvi pamwala sadzatulutsanso ndi kwacha imodzi. Mayi wina anawonjeza kuti zikwangwani zachitsulo zisayerekezedwe nkomwe, sizigona sabata zisanasanduke mbaula. Pamenepo tonse tinagwirizana, penti yokha.

Ine maganizo anga sanasinthe, njira yolembedwa imabweretsa anthu omwe pano sabwera nkomwe chifukwa sadziwa poyambira, mtsikana wa ku Area 25 amene akufuna kukwera phiri ndi anzake awiri popanda kukambirana mitengo ndi gulu la anyamata osawadziwa. Koma funso la bambo aja sindinaliyankhe mokwanira ndipo akudziwa. Pakadali pano tagwirizana kuti ulendo ukubwerawu tikakhale pansi ndi anyamatawo tiwafunse ngati angafune kupaka okha pentiyo, ife tiwalipire, ndi kuti pa mphambano ziti. Amene muli ndi malo m'galimoto nenani msanga pa gulupu, mafuta tisonkherana ngati kale, tinyamuka 6 koloko mmawa.