Thumba la sukulu silijambula

Mwana wa achemwali anga wa ku Chinamwali walemba MSCE ndipo mtima wake uli pa zojambula. Usiku amakhalira pa foni kufufuza masukulu akunja, ndipo wapeza muyeso wakewake: amayang'ana endowment ya sukulu iliyonse. Ili ndi thumba la ndalama zimene anthu opeza bwino amapatsa sukulu kuti iziike m'mabizinesi n'kumadya phindu lokha, kawirikawiri 4 kapena 5 peresenti pachaka. Nkhuku siiphedwa, amangotola mazira.

"Amalume, Yale ili ndi madola oposa 40 biliyoni. Kumeneko ndiye kusukulu."

Ine ndimalemba zikwangwani za mashopu muno mu Zomba, ndiye nkhani ya penti ndimaidziwa kuposa ya mabiliyoni. Komabe ndinamuuza kuti Yale ndi yunivesite yaikulu ya ku America ndipo ndalamazo n'za yunivesite yonse, osati gawo la zojambula lokha, ndipo zambiri opereka anazimangirira kale: izi n'za ophunzira udokotala, izi n'za laibulale. Wojambula sangazikhudze.

Kunali sukulu ina ku North Carolina, ku America komweko, yotchedwa Black Mountain College, yomwe inatsegulidwa mu 1933. Inali yosauka moti ophunzira ankalima kumunda wa sukulu ndi kuthandiza kumanga nyumba zake. Koma katswiri wa zojambula Josef Albers ankaphunzitsa kumeneko, ndipo Robert Rauschenberg, yemwe anadzakhala wojambula wotchuka, anadutsa m'manja mwake. Kwathu kunonso, pitani ku Mua mukaone zomwe zachokera ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Osema a kumeneko anakula ndi sompho, mtengo ndi mphunzitsi amene ankayimirira pambali pawo n'kunena kuti mphuno iyi yapotoka, yambiranso. Chimene chimakuza wojambula n'chimenecho.

Ndisakunamizeni kuti umphawi ndi mankhwala. Black Mountain inatsekedwa mu 1957 chifukwa ndalama zinatheratu. San Francisco Art Institute, ya mu 1871, inatsekanso zitseko mu 2022 ngongole zitaithina, chikhalirecho pakhoma pake panali chithunzi chachikulu chojambulidwa ndi katswiri wa ku Mexico, Diego Rivera. Cooper Union ya ku New York inkaphunzitsa mwaulere kwa zaka zoposa 100, mothandizidwa ndi lendi ya malo amene pali chinyumba chachitali cha Chrysler Building, koma itakongola ndalama zomangira nyumba yatsopano inayamba kulipiritsa mu 2014. Apa m'pamene thumba limaonekera ntchito yake. Limasunga sukulu pa zaka za njala, ndipo limatsegulira mwana wa munthu wogulitsa tomato. Curtis Institute ya zoimba ku Philadelphia siilipiritsa fizi chiyambire 1928 chifukwa cha chuma chomwe Mary Louise Curtis Bok anaipatsa.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, penti ya m'machubu inakwera moti anyamata ena amene ndimawadziwa anayamba kujambula ndi penti ya m'nyumba pa zidutswa za bolodi. Zithunzi zawo zili bwino ndithu, koma amaopa kulakwitsa, ndipo wophunzira woopa kuwononga penti amachedwa kupsa.

Ndamuuza mnyamatayo kuti asanalote za Yale ayende wapansi mpaka ku Chirunga, komwe Yunivesite ya Malawi ili ndi gawo la zaluso, akaone zomwe ophunzira akupanga. Akawafunse kuti amakhala maola angati ndi burashi m'manja, komanso kuti penti amagula ndani. Wati apita Lachisanu, koma akufuna ndimuperekeze.