Zosatheka kwa ndani? Zimene ndangomvetsa mu PM+

Mtima wakhala pansi tsopano. Ndimawerenga buku la PM+ (Problem Management Plus, njira yothandizira anthu ovutika maganizo pocheza nawo) la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndikuliona ngati likungophunzitsa anthu kupirira: pumani pang'onopang'ono, landirani zimene simungasinthe. Ndimalakwitsa, ndipo pamene ndimasochera ndi pa sitepe imodzi yokha.

Anzanga amene tikuphunzira limodzi mukudziwa kale za misonkhano isanu ija ya mphindi 90 imene mthandizi amakhala nayo ndi munthu wovutika, ndiye sindibwereza. Ndikunena za msonkhano wachiwiri, pamene munthu amatchula mavuto ake ndipo timawagawa pawiri, otheka kuwathetsa ndi osatheka. Mthandizi amafulumira kuponya vuto lalikulu ku zosatheka chifukwa likumuopsa iye mwini. Chilungamo chimatayikira pomwepo.

Taganizani mayi wamasiye wa ku Tsangano, ku Mozambique, amene abale a malemu mwamuna wake amulanda dimba la kachewere. Sabwera ndi mawu akuti depressão, dzina la Chipwitikizi la matenda a kukhumudwa. Amati, "Mutu ukundilemera, tulo sindikutiona, ndikuganiza kwambiri." Imfa ya bamboyo palibe angaisinthe, zoona. Koma dimba si imfa. Lamulo la malo la 1997 limazindikira ufulu wa amene akulima malo motsata mwambo, mkazi ndi mwamuna mofanana, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka ngakhale palibe chikalata cha DUAT, cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Mthandizi wosadziwa izi amalemba dimbalo ku zosatheka n'kuyamba kuwaphunzitsa mayi kupuma. Wawatonthoza, inde, koma wawathandizanso kuvomereza kulandidwa.

Funso lofunika ndi ili: zosatheka kwa ndani? Kwa mayi ali okha, mwina. Akakhala ndi mlongo wawo ndi mnzawo wa kumpingo amene wawaona akupalira dimbalo chaka ndi chaka, nkhani yasintha.

Masitepe otsalawo akundimvekera bwino tsopano. "Andilanda zonse" ndi katundu wosasenzeka, tiyenera kumuphwanya mpaka afike pa "ndikufuna anyakwawa amve mlandu wa dimba nthawi yobzala isanakwane". Potchula njira, amayamba ndi mayiwo, ndipo palibe njira yosekedwa, ngakhale atati akufuna kubwerera kwawo. Akatha iwo m'pamene ife timawonjezera zimene mwina sanamvepo: nthambi ya boma ya IPAJ imathandiza osauka pa milandu kwaulere, ya INAS ili ndi thandizo la okalamba ndi olumala, ndipo ngati pali kumenyedwa, pali lamulo la 2009 loteteza amayi ku nkhanza za m'banja. Kenako dongosolo: Lachinayi m'mawa, adzapita ndi uje, ndalama yokwerera njinga ichokera pa nkhuku imene agulitse. Madongosolo ambiri amagwera pa ndalama yoyendera imeneyi, mthandizi n'kulemba kuti munthuyu alibe chidwi. Ndi mlandu wabodza umenewo.

Pali funso limodzi losayenera kulidumpha: "Amayi, mukakatula nkhaniyi, kunyumba kukachitika chiyani?" Akasankha kudikira kuti akolole kaye, chisankho n'chawo. Amene akagone m'mudzimo usiku umenewo ndi iwo.

Kupuma kuja sikunathe ntchito. Kukoka mpweya kuwerenga mpaka katatu, kutulutsa mpaka katatu, n'kumene kumawathandiza kuyankhula pabwalo mawu osanjenjemera. Ineyo ndikuona kuti kwathu kuno palibe njira yoposa PM+, chifukwa munthu wamba wophunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa angathe kuipereka. Ku Zimbabwe a Dixon Chibanda anaonetsa zofananazo ndi Friendship Bench, agogo atakhala pabenchi n'kumathandiza odwala "kufungisisa", kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku. Malire alipo. Munthu wokonzeka kudzipha, kapena womva mawu amene ena sakuwamva, apite kwa técnico de psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo, tsiku lomwelo.

Chimene chikundiwawa ndi kagawidwe ka nthawi. Aphunzitsi amathera masiku pa mayina a matenda m'Chipwitikizi, sitepe iyi n'kuipatsa ola limodzi. Timayeserera kucheza ndi wodwala m'Chipwitikizinso, pamene agogo a ku Domwe adzalira m'Chichewa. Za munthu wosamva, amene womumasulira ndi m'bale yemweyo amene akumuzunza, palibe amene wazitchulapo.

Pamene ndaimabe ndi pa mavuto a mudzi wonse. Mabanja amene anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha, kapena amene anataya zonse mtsinje wa Revúbuè utasefukira ndi namondwe Ana mu 2022, vuto lawo silikwana m'dongosolo la munthu mmodzi la Lachinayi m'mawa. PM+ ya pagulu ilipo, ndipo mwina anthu akamva kuti nkhawa yawo yachokera pamodzi amayamba kuyendera limodzi. Koma kodi mthandizi aperekeze mayi uja kwa anyakwawa, kapena akhale pamalo pake kuwadikira kuti adzamuuze mmene zayendera? Ndikuganizirabe, ndipo mbali zonse ziwiri zikundikoka.