Mmene ndinadutsira TP ndili pa yunivesite ya pulaiveti kuno ku Mangochi

Anzanga amene mukuchita digiri ya uphunzitsi pa yunivesite ya pulaiveti, za TP (teaching practice, nthawi ija timakaphunzitsa kusekondale ngati mbali ya maphunziro athu) muyambe kuziganizira semesita yake isanafike, chifukwa musanagwire choko pamayamba kaye nkhani ya ndalama. Pasukulu pathu dzina lako silituluka pa mndandanda wa opita ku TP ngati uli ndi ngongole ya fizi. Ine ndinali ndi loni ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, ija imaperekedwanso kwa ife a pulaiveti bola sukulu ndi pulogalamu yako zikhale zovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira mayunivesite, koma yokha sinkakwana, ndiye achimwene anga ndi amalume anachita kusonkherana kuti ndimalize balansi, kuonjezera apo ya lendi ndi chakudya chifukwa ku TP umadzidalira wekha.

Dzina litatuluka ndinatenga kalata ya kusukulu nkupita nayo kwa ahedi a CDSS ina ya mbali ya kwa Mponda. Musatumize munthu, pitani nokha mutavala bwino, ahedi amafuna akuoneni. Anandilandira bwino nkundipereka kwa aHOD, akulu a dipatimenti ya Humanities, poti ine ndimaphunzitsa Geography. Anandipatsa Folomu 1 ndi Folomu 3, ndipo ndi mmene zimakhalira malo ambiri, Folomu 2 ndi Folomu 4 amawasunga okha chifukwa cha JCE ndi MSCE. Nyumba anandipezera ndi amayi ena ogulitsa zitumbuwa pageti, kachipinda kamodzi kopanda magetsi koma kafupi, ndiye za kabaza mmawa uliwonse ndinazipewa.

Sabata yoyamba ndi ya mapepala. Umatenga silabasi, kufunsa mwini kalasi pomwe analekezera, kenako kulemba sikimu ya teremu yonse nkukasainitsa kwa aHOD. Lesoni pulani ndi ya phunziro lililonse, ndipo Lachisanu umadzaza ma rekodi a zomwe waphunzitsadi osati zomwe unkafuna kuphunzitsa. Ine ndinkalemba mapulani madzulo dzuwa lisanalowe nditakhala pakhonde, chifukwa kutentha kwa kuno mukukudziwa, mkati mwa nyumba ya malata thukuta limadonthera papepala.

Koma chomwe ndikufuna kukhalitsapo ndi mkalasi. Ku koleji timayeserera kuphunzitsa anzathu omwe amayankha funso lisanathe. Apa inali kalasi yodzaza, ena atatu pa desiki, ena chakumbuyo atatsamira khoma, ndipo ana ambiri a Folomu 1 kunyumba amalankhula Chiyao, Chichewa ndi chachiwiri, Chizungu chachitatu. Ukafunsa kuti mwamva onse amati eee, koma ukayang'ana nkhope ukuoneratu kuti sizinalowe. Ndinayamba kufotokoza mfundo mu Chizungu, kuibwereza mwachidule mu Chichewa, kenako kupempha mwana mmodzi kuti auze anzake mmene wamvera, nthawi zina amatero mu Chiyao, basi tibwerere ku Chizungu polemba manotsi poti mayeso amabwera mu Chizungu.

Phunziro la mitsinje ndi lomwe linanditsegula maso. Mabuku anali ochepa, ndiye ndinatuluka nawo panja, tinaunjika mchenga pansi pa mtengo wa mango nkuthira madzi a mu ndowa kuti aone mmene madzi amakokololera dothi kumtunda nkukalisiya kumunsi. Nditafunsa za Shire, mmene amatulukira mu nyanja ya Malawi nkudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi kukalowa mu Malombe, mnyamata wina amene sankayankhulapo chiyambire, amene ankangosinza chifukwa usiku amakhala ali ku usodzi ndi abambo ake, anaimirira nkufotokoza malo osaya ndi akuya komanso miyezi yomwe madzi amada, mpaka anzake anaombera mmanja. TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, ija timaloweza pokonzekera mayeso, tanthauzo lake ndinalionera pamenepo. Ana awa amadziwa zambiri, ambiri mtima uli ku Joni komwe kuli azibale awo, ndipo ngati phunziro silikhudza zomwe amaziona tsiku ndi tsiku amangokhala mkalasi ndi thupi lokha.

Asupavaiza a ku yunivesite amabwera osanena tsiku, amakhala kumbuyo ndi fomu yawo, amayamba apempha fayilo yako kuti aone ngati sikimu, mapulani ndi ma rekodi zikugwirizana. Amaona mmene wayambira phunziro, mmene ukugwiritsira ntchito bolodi, ngati mafunso ukuponyera atsikana ndi anyamata mofanana, ndi ngati nthawi waisunga. Mukatuluka mumakhala pansi nkukambirana, ndipo zomwe akuuzazo uzilembe chifukwa wobwera ulendo wina amafuna aone ngati wasintha. Musadzipatule kwa aphunzitsi a pasukulupo, lowani nawo ku asembule, ku masewero, ku ma kilabu, ahedi nawonso amalemba lipoti la khalidwe lanu.

Kumapeto kwa teremu ndinakonza mayeso, kuchonga, kupereka magiredi kwa mwini kalasi, kusainitsa fayilo kwa ahedi nkukaipereka ku yunivesite. Pano ndatsala ndi pulojekiti ya kafukufuku, ndipo digiri ikangotuluka ndikalembetsa ku Teachers Council of Malawi kuti ndipeze laisensi yophunzitsira.