Usiku umene ndinamiza alamu anga

Gemu ya pafoni yotolera sitima zankhondo ija itangolengeza kuti yabweretsa gulu latsopano, masabumarini, ine tulo tinatha. Ma destroyer, sitima zazing'ono zaliwiro, ndinali nawo odzaza doko, ma cruiser, zokulirapo, angapo, koma yoyenda pansi pa madzi ndinalibe. Ndinasunga timiyala ta mu gemu masabata atatu osagula kanthu. Tsiku lotsegula mabokosi, loyamba linatulutsa destroyer. Lachiwiri destroyer yomweyo. Ndinangofika pomaipatsa moni. Bokosi la nambala 38 ndi lomwe linandimvera chisoni: sabumarini ya gulu la Balao, ya ku America. Ndinakuwa mpaka mwana anadzuka.

Nthawi yomweyo ndinaimbira alamu anga, mchimwene wa mayi a kunyumba. Iwo chuma chawo chonse ndi Yamato, chisitima cha ku Japan chotalika mamita 263, cha mizinga 9 ya masentimita 46. Amachitchula ngati mwana wawo woyamba.

"Alamu, lero inu muzingowombera zakutali. Zapafupi ndisiyireni."

"Malangizo mwawerenga koma?"

"Malangizo ndi a ana."

Nkhondo itayamba ndinamira pompo, mwamatama. Pamenepo m'pomwe ndinadziwa kuti sabumarini za nthawi imeneyo zikakhala pamwamba zimayenda ndi dizilo, ma knot 20 (muyezo wa liwiro la pamadzi), koma zikamira zimadalira mabatire, liwiro osafika ngakhale 9. Anzanga onse anandisiya ngati ndaima. Ndinakwawa ndekha mumdima, osadziwa kuti kutsogolo n'kuti, chifukwa kamapu ndinali nditakatseka kuti kakunditchinga.

Patapita nthawi ndinakweza ka periscope, kachipangizo kosuzumirira pamwamba pa madzi. Maso anga n'kuona chiphiri cha chitsulo, utsi uli tolotolo, chikubwera chondipatsa nthiti. Mtima unagunda. Sindinafune n'kuyang'ana mtundu wa dzina lomwe linali pamwamba pake, wosonyeza ngati ndi mdani kapena mnzanga. Machubu 6 akutsogolo oponyera matopido, mabomba oyenda m'madzi, ndinakhuthula onse kamodzi.

Matopido akuyenda, m'khutu ndinamva alamu: "Ndavulala kwambiri, ndikubwerera kumbuyo, munditeteze." Kenako, ndi mawu ena: "Kodi mizere yoyera ikubwerayi ndi ya ndani?"

Ine zii.

Yamato yeniyeni pa 7 Epulo 1945 inafunika ndege zoposa 300 kuti imire. Ya alamu inangofunika ine.

Ndikanatha kubisala, koma batire linali litatha osaliona. Sabumarini inadzitumphukira yokha pakati pa ma destroyer atatu a adani. Imodzi inali yofanana ndendende ndi ija ndinkaipatsa moni. Sindinakhalitse.

Foni inalira. Ndinayesa kudziteteza ndi mbiri yakale.

"Alamu, ngozi zotere zimachitika ngakhale kwa akatswiri. USS Tang, ya gulu lomweli la Balao, inamira mu Okutobala 1944 topido yake itazungulira n'kudzaiphulitsa yokha."

"Eya. Tang inadzimiza yokha. Sinamize mlamu wake."

Anadula.

Nditatembenuka ndinapeza mayi a kunyumba ataima pakhomo la chipinda, mwana ali paphewa, foni yawo ikuwala m'manja. Uthenga unali utawafika kale.

"Abambo, mwana mwamudzutsa ndi inu. Ndiye achimwene akuti mwawamiza. Mwawamiza kuti usiku uno?"

Ndinayamba kufotokoza za mabatire. Anangonditambasulira mwana.