Mizere ya choko pa malaya oyera

Sukulu yathu yophunzitsa kudziteteza kwa munthu wa mpeni ilibe nyumba yakeyake. Timachita lendi holo ya tchalitchi ku Rosettenville Lamlungu masana mapemphero akatha, chifukwa ndi nthawi imene ambiri ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ndi m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg amapuma. Bizinesiyi inabadwa ndi funso la Amalawi anzathu kuno ku Joni: munthu atani tsotsi akamutulutsira mpeni wa okapi m'bandakucha potsika taxi pa Noord kapena pa Bree?

Mpamba wake si wolemera: mipeni ya labala 12, magalasi oteteza maso, choko, mabandeji ndi magolovesi. Chimene chimadya ndalama ndi lendi. Tinalembetsa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo aliyense amasaina fomu yovomereza kuti masewerawa atha kumuvulaza. Mpeni weniweni sulowa mu holo, ndipo sitilangiza munthu kuyenda nawo. Lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 lingakuikeni m'chitokosi mukapezeka ndi chida m'njira yokayikitsa, nanji mlendo m'dziko la eni.

Poyamba tinkaphunzitsa zopotokola dzanja ndi kulanda mpeni. Zinkasangalatsa, anthu ankajambula n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp. Kenako tinayamba kupaka choko chofiira kukamwa kwa mpeni wa labala, wodziteteza n'kuvala malaya oyera, wobaya n'kuuzidwa kuti asamvere chisoni kwa masekondi 10. Malaya aja ankatuluka ali mizeremizere m'nthiti, m'mimba, m'khosi. Chifukwa chake n'chakuti wobaya zenizeni satambasula mkono kukudikirani. Dzanja lopanda chida limakugwirani kolala, linalo limabaya mobwereza ngati singano ya makina osokera, mpeni ukubwerera m'mbuyo msanga musanaugwire. Tinataya zolandalanda zija, ndipo makasitomala ena ofuna za m'mafilimu anatithawa.

Lero phunziro limatenga mphindi 90, anthu 12 awiriawiri. Timayamba ndi mtunda. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni amathamanga mamita oposa 6 pa sekondi imodzi ndi theka. Timayeza mamitawo pa simenti kuti aliyense adzionere kuchepa kwake. Muziyang'ana manja, osati nkhope. Dzanja lobisidwa m'thumba la jekete kapena kuseri kwa ntchafu ndilo la kuliopa. Akafuna foni, achimwene, iponyeni pambali inu muthawire kwina. Izinso timaziyeserera, chifukwa dzanja limakakamira foni lokha.

Pothawira pakasowa, pakati pa inu ndi iye pakhale chinthu: chikwama cha kumsana chogwiridwa ndi manja awiri patsogolo pa chifuwa, mpando, kreti ya zakumwa. Popanda zimenezi, kwezani mikono kunja kwake kuloze kwa mdani, popeza mitsempha ikuluikulu ya magazi ndi yoyendetsa zala ili mbali ya m'kati. Chibwano chitsike kubisa khosi.

Akakugwirani kale, musabwerere chambuyo molunjika. Woyenda chakutsogolo amathamanga kuposa wobwerera, ndipo chidendene chikakodwa pa mwala mwagwa. Lowani m'kati, manja anu onse awiri pa mkono wa mpeniwo, limodzi pafupi ndi chikhatho, lina pamwamba pa chigongono, muupanikize pa thupi lanu, mutu wanu uli pa phewa lake, mumukankhe mpaka atayike, muthawe. Apa ophunzira amalakwa ziwiri. Ena amagwira ndi dzanja limodzi, thukuta n'kuwapulumutsa mkono uja. Ena amagwira bwino koma amaima n'kumapuma, mdani n'kusamutsira mpeni ku dzanja lina. Ngakhale ochita bwino amatuluka ndi choko penapake, ndipo sitibisa.

Mphindi 20 zomaliza ndi za magazi. Obayidwa ambiri amayesa amenyedwa chibakera, choncho mukathawa dzisisiteni m'khwapa, m'nthiti ndi kumsana, muyang'ane m'manja. Bala lipanikizeni mwamphamvu ndi nsalu osasuzumirasuzumira. Mpeni ukatsalira m'thupi musauzule, ukutseka magazi. Magazi akamathovoka pa mkono kapena mwendo, mangani masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa bondo kapena chigongono, ndi nsalu yotambalala yopotokola ndi kamtengo. Lamba wa buluku salimba mokwanira. Lembani nthawi imene mwamanga, imbani 112 pa foni kapena 10177 ya ambulansi, 10111 ya polisi.

Malipiro timatolera kumathero a mwezi, anthu akalandira. June ndi July holo imazizira, ophunzira amachepa, koma lendi sichepa. Miyezi imeneyo timatsegula gulu la amayi okhaokha Loweruka madzulo, ndipo timaweruka kusanade kuti akapeze taxi kudakali kowala.